Cisanu cafika: ogona m'makalavani ku Chipata asamale ndi moto

CHIPATA: Mwezi wa May ukamapita kumapeto, udzu wa pa phiri la Kanjala utayamba kufiira ndiponso mphepo ya mwera itayamba kuomba, anthu a mu mzinda wa Chipata amadziwa kuti nthawi yakwana yakufukula majuzi ndi magombeza m'masutikesi. Pa msika wa Kapata ogulitsa makala amafika mamawa akukankha njinga zolemedwa ndi matumba atatu kapena anai, ndipo osula mbaula sakhala ndi mpata wopumula. Koma pali anthu ena amene cisanu cimawapeza poyera koposa onse, ndiwo aja okhala m'makalavani, ndiko kunena nyumba zoyenda pa mawiro, zina zokokedwa ndi galimoto, zinanso zokhala ndi injini yaceyace.

Anthu otere si ocepa m'Cigawo ca Kum'mawa. Ena ndi anchito okonza misewu ndi milatho, amene amagona pamene nchito yawafikitsa. Ena ndi obowola zitsime za mijigo m'midzi ndi opima malo. Enanso ndi alendo ocokera ku Ulaya ndi ku South Africa, amene amalowera pa cipata ca Mwami kucokera ku Malawi, nagona ku Chipata usiku umodzi kapena uwiri kugula zofunika, asanatsike ku Mfuwe kukaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa. Miyezi ya June, July ndi August ndiyo imene misewu imauma, motero ndiyo nthawi imene onsewa amacuruka m'njira, komanso ndiyo nthawi yeniyeni ya cisanu.

Cisanu ca kuno sicifanana ndi ca ku Ulaya kumene madzi amaundana m'mipope. Chipata ali pa mtunda wopitirira mamita 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo m'mwezi wa July usiku kumazizira kufika madigiri 11 kapena 12, pamene usana kumafunda mpaka 24 kapena 25. M'madambo, kumene mphepo yozizira imatsikira ndi kukhazikika usiku, kumazizira koposa apo. Cisanu cotere pacokha sicingaphe munthu wamkulu amene wadya ndi kupfunda bwino. Cimene cimapha anthu caka ndi caka ndi moto umene amalowetsa m'nyumba pofuna kucithamangitsa.

Mbaula ndi nyumba ya cisulo

Kalavani ndi nyumba ya malata opyapyala. Usana imatentha msanga ngati mphika, ndipo dzuwa likangolowa imataya kutentha konse nthawi yomweyo. Pofika tambala woyamba, makoma ace amakhala ozizira monga khasu logona panja. Munthu wobadwira m'mudzi, akadzuka mano akugundana, cimene amayamba kuganiza ndi mbaula, pakuti ndiyo imene inamfunditsa kuyambira ubwana wace.

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikuru. Nyumba ya makolo, yozira ndi dothi ndi yofolera ndi udzu, imapuma. Mphepo imalowa pansi pa citseko ndi pa mpata wa pakati pa cipupa ndi denga, utsi nutulukira m'udzu. Kalavani inapangidwa mwa njira yosiyana ndi imeneyo. Mazenera ndi citseko cace ziri ndi mphira m'mbali kuti pfumbi ndi mvula zisalowe, ndipo mkati mwace ndi mocepa kwambiri: kalavani ya mamita 5 m'litali, 2 m'lifupi ndi 2 msinkhu wace iri ndi mpweya wocepa kuposa wa m'cipinda cimodzi ca nyumba wamba. Motero cizolowezi cimene munthu anakula naco m'nyumba ya udzu popanda cobvuta cingamgoneke tulo tosadzuka m'kalavani pa usiku umodzi wokha.

Makala akamayaka pamalo pocepa mphepo amatulutsa mpweya woipa wochedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu yoposa nthawi 200 kuyerekeza ndi okosijeni, umene ndi mpweya wopatsa moyo, kotero kuti magazi amayendabe m'thupi koma osanyamula kanthu kopita naco ku ubongo ndi ku mtima. Anthu ambiri amakhulupirira kuti makala akapsa bwino, nafiira, utsi nuleka, ndiye kuti palibenso coopsa. Kumeneku ndi kudzinamiza, cifukwa makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweyawu mpaka atasanduka phulusa. Kuika beseni la madzi pambali pa mbaula sikuthandiza kanthu, ndipo kutsegula zenera pang'ono sikungadaliridwe pa usiku wopanda mphepo.

Cobvuta cina ncakuti zizindikiro zace zimafanana ndi za malungo. Mutu umawawa, munthu amacita cizungulire ndi mseru, miyendo nilefuka. Wodwalayo amaganiza kuti udzudzu unamluma, namwa mankhwala a mutu, nabwerera pa bedi pafupi ndi mbaula yomweyo. Cizindikiro cimene ciyenera kudzidzimutsa ali yense ndi ici: anthu awiri kapena atatu ogona pamodzi akadwala mutu nthawi imodzi, ndipo akamapeza bwino atatulukira panja, cobvuta ciri mu mpweya wa m'nyumbamo. Wopezeka atakomoka ayenera kunyamulidwira panja msanga, zitseko zonse zitsegulidwe, ndipo apite naye ku cipatala ngakhale atatsitsimuka, pakuti mankhwala ace ndi okosijeni. Kumthira madzi kapena kummwetsa mkaka ndi kutaya nthawi cabe.

Injini nayonso imatulutsa mpweya womwewo. Oyendetsa malole amene amagona pa Mwami podikira mapepala, ena mwa iwo amaliza injini usiku kuti m'galimoto mufunde, osaganiza kuti paipi ya utsi ikakhala yobooka, utsiwo umakwera kulowa momwe agona. Jenereta yoikidwa pansi pa zenera la kalavani imacita cimodzimodzi. Malo ace ndi kutali, mamita angapo, ku mbali imene mphepo ikupita.

Cofunditsa coyenera

Cofunditsa cimene cinapangidwira kalavani ciri ndi lamulo limodzi: moto wace umayaka m'kabokosi ka cisulo kotsekeka, umakoka mphepo ya kunja, ndipo utsi wace umatulukiranso kunja. Mphepo ya mkati imangopita pamwamba pa cisulo cotenthaco, osakhudzana ndi lawi. Ziripo za mitundu iwiri, ca gasi ndi ca dizilo. Za dizilo zinachuka ndi makampani a ku Germany a Webasto ndi Eberspächer, ndipo masiku ano zocipirapo zopangidwa ku China zimapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto. Cimodzi ca mphamvu ya makilowati 2 ncokwanira kalavani ya banja limodzi pa cisanu ca kuno. Kugula cacikuru koposa apo ndi kuononga ndalama, ndiponso cotero cimakhalira kuyaka pang'onopang'ono mpaka cidzaza mwaye.

Cofunditsaci cimakhala miyezi 9 osagwira nchito, ndipo pa miyezi imeneyo tizirombo timacisandutsa mudzi. Mavu amamanga zisa za dothi m'paipi ya utsi, akangaude amaluka m'kamwa mwa moto, makoswe natafuna nthambo ndi mapaipi a mphira. Cifukwa cace nchito yocikonza iyenera kucitika m'mwezi wa April kapena May, usana dzuwa likuwala, osati usiku woyamba wa cisanu. Mwini wace amasula paipi ya utsi, aikuntha, aiyang'ana ngati iri ndi dzimbiri kapena ming'alu, kenaka aciyatsa kwa theka la ora zitseko ziri zotsegula. Pa ca gasi, lawi labwino ndi lobiriwira ngati thambo. Lawi lacikasu, lofuka mwaye, likuonetsa kuti moto ukusowa mphepo, ndipo cotero sicoyenera kugona naco mpaka mmisiri atacikonza.

Pali zofunditsa zina za gasi zoyenda pa timawiro, zimene ziribe paipi ya utsi, ndiponso masitovu a parafini. Izi zinapangidwira zipinda zazikuru zopita mphepo, ndipo m'kalavani ziyenera kuzimitsidwa munthu asanagone. Sitovu yophikira nayonso si cofunditsa. Kuonjezera pa mpweya woipa, kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imatulutsa madzi oposa lita imodzi ndi theka monga nthunzi. Madzi amenewa ndiwo amene amaoneka m'mawa akuyenderera pa mazenera, nanyowetsa matiresi, naoletsa matabwa a pansi. Cinyezi cotere cimabweretsa nkhungu m'makoma ndi cifuwa kwa ana.

Opanga makalavani amasiya timazenera ting'onoting'ono ta mphepo, tina pa denga tina pafupi ndi pansi, timene tiribe cotsekera. Munthu wozizidwa amatiyesa kulakwa kwa mmisiri, natitseka ndi nsanza kapena makatoni. Timabowo timeneti ndito mphuno za nyumbayo, ndipo tisatsekedwe ngakhale kuzizire motani. Ndiponso pali kacipangizo ka mabatire kamene kamalira mokweza mpweya wa carbon monoxide ukacuruka. Kamapacikidwa pafupi ndi pogona, kamakhala zaka 5 kufikira 10 monga mwa mtundu wace, ndipo mtengo wace sufika pa wa tayala limodzi la galimoto.

Kuwerengera mafuta

Cofunditsa cabwino cikasowa mafuta pakati pa usiku, mwini wace amabwereranso kwa mbaula. Motero kusunga mafuta okwanira ndi mbali ya citetezo comweco, ndipo munthu wa m'cigawo cino ali ndi cifukwa cokwanira cowerengera pasadakhale.

Zambia alibe gombe, ndipo dontho liri lonse la mafuta limacokera kutali. Azungu a ku Rhodesia atadzilamulira mwa cipanduko pa 11 November 1965, njira ya kum'mwera inatsekeka, ndipo petulo anayamba kugulitsidwa mocita kupima. Ndico cifukwa cace maboma a Zambia ndi Tanzania anamanga paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968. Fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inayamba nchito mu 1973, ndipo kwa zaka zambiri inali kutulutsa petulo, dizilo, parafini ndi gasi. Tsopano inaleka kuyenga, ndipo kuyambira mu 2023 paipi ija imanyamula dizilo woyengeratu, pamene gasi amabwera ndi malole kucokera kunja kwa dziko. Kucokera ku Lusaka, lole imayenda makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kukwera ndi kutsika mapiri a ku Rufunsa ndi kuoloka mlatho wa Luangwa, isanafike ku Chipata. Ngozi imodzi pa mapiri amenewo ingacedwetse katundu masiku angapo. Ndipo amene msasa wace uli ca ku Chadiza, ku Vubwi, kapena kupitirira Lundazi polowera ku Chama, ayenera kuonjezapo ulendo wace wa iye mwini, cifukwa malo odzaza gasi kunja kwa Chipata ndi owerengeka.

Kuwerengera kwace sikubvuta. Cofunditsa ca gasi ca makilowati 2 cimadya magalamu pafupifupi 150 pa ora, motero botolo la makilogalamu 9 limakwanira maora 60. Munthu akamaciyatsa maora anai madzulo ndi limodzi m'mawa, botololo limatha pa masiku 12, ndipo ngati akuphikiranso pomwepo, masiku 10 sakwana. Kuyambira kuciyambi kwa June kufikira pakati pa August ndiye kuti afuna mabotolo 6 kapena 7. Wanzeru amakhala ndi mabotolo awiri, ndipo limodzi likangotha amalitumiza ku tauni tsiku lomwelo, osadikira kuti lacibwiri liyambe kupepuka. Kugwedeza botolo sikunena zoona zeni zeni. Njira yodalirika ndi sikelo: kulemera kwa botolo lopanda kanthu kunalembedwa pa khosi pace, ndipo cotsala pa sikelo ndiye gasi.

Ca dizilo cimadya pang'ono, kuyambira gawo limodzi mwa magawo 10 a lita kufikira kota ya lita pa ora, kotero kuti cigubu ca malita 20 cingakwanire masabata atatu. Koma cimadalira batire. Poyamba kuyaka cimakoka magetsi ambiri kwa mphindi zocepa, kenaka cimangofuna pang'ono oyendetsera kapampu ndi cokupizira mphepo usiku wonse. Batire ikafooka, cimadzizimitsa cokha. Ndi bwino kuti cikhale ndi batire yaceyace yosiyana ndi yoliza injini, kuti munthu asadzuke wofunda koma galimoto yosalira, ali pakati pa thengo. Batire ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ai sikhalitsa. Amene ali ndi sola akumbukire kuti mu June dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo pa Chipata masana limakwera madigiri 53 okha kucokera pansi, motero galasi liyang'ane kumpoto, ndipo lipukutidwe pfumbi masiku onse.

Alendo a ku Ulaya amabwera ndi mantha awiri amene kuno alibe nchito. Kwao dizilo amaundana ngati phala pa cisanu, ndipo gasi wa mtundu wa butane amaleka kutuluka m'botolo kuzizira kukafika pa 0, kotero kuti amagula propane amene amapirira mpaka madigiri 42 pansi pa 0. Ku Chipata kuzizira sikufika pamenepo. Cimene cimawabvuta ndi pakamwa pa botolo, cifukwa mazinga a mabotolo a ku Ulaya sagwirizana ndi a kuno, ndipo wosabwera ndi columikizira cace amangozungulira m'tauni. Kulumikiza ndi mphira ya cubu ndi waya, monga amacitira ena, ndi kuitana moto.

Mdani weniweni wa dizilo kuno ndi madzi ndi pfumbi. Thanki kapena mgolo wokhala theka umatenga mphepo yofunda usana, ndipo usiku nthunzi ya m'mphepoyo imasanduka mame m'kati mwa cisulo, nitsikira pansi pa mafuta. Kapampu ka cofunditsa nkakang'ono, madontho ocepa a madzi akwanira kukaimitsa. Thanki ikhale yodzaza, ndipo mafuta a m'cigubu athiridwe kupyola pa sefa. Dizilo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu amakhala wosanganiza kawirikawiri, ndipo lamulo limaloleza kugulitsa mafuta kwa okhawo amene ali ndi cilolezo ca bungwe la Energy Regulation Board. Cigubu ca petulo ndi ca parafini zisafanane maonekedwe, zilembedwe, ndipo zonse zikhale kunja pa mthunzi.

Kusunga botolo la gasi

Gasi ndi wolemera kuposa mphepo. Akadontha sakwera kumwamba monga utsi, koma amayenderera pansi ngati madzi, nadikha pamalo otsika kudikira macesi. Ndico cifukwa cace kabati ya mabotolo m'kalavani iri ndi citseko ca kunja ndi bowo pansi pace. Bowolo lisatsekedwe ndi zingwe, majeke kapena matumba a ufa. Botolo liimirire ciriri, lomangidwa ndi lamba, ndipo litsekedwe pa khosi galimoto isananyamuke, makamaka pa misewu ya dothi ya mabampu imene imamasula ciri conse comangidwa ndi sipanala.

Gasi mwa cibadwa cace sanunkha, koma ogulitsa amathiramo mankhwala a pfungo loipa kuti mphuno icenjeze. Pofufuza podontha, mmisiri amapaka madzi a sopo pa molumikiza monse nayang'ana thobvu. Kufufuza ndi lawi la macesi kwapsereza nkhope za anthu ambiri. Paipi ya mphira imauma ndi dzuwa la kuno, ndipo ngakhale ioneke yabwino iyenera kusinthidwa pakapita zaka 5. Botolo silidzazidwa mpaka pakamwa. Odzaza amalekezera pa magawo 80 mwa 100, kusiyira gasi malo ofufumira kukatentha. Wopempha kuti amuonjezere pang'ono pakuti akupita kutali akupempha tsoka, makamaka ngati akutsikira ku cigwa ca Luangwa kumene usana kumatentha koposa kumtunda kuno.

Kusunga kutentha kumene kulipo

Mafuta ambiri amapulumuka ndi nzeru zosalira ndalama. Poyamba ndi posankha malo. Dambo limakopa cifukwa ndi losalala ndiponso madzi ali pafupi, koma ndiko kumagona cisanu conse. Malo abwino ndi okwererapo pang'ono, kuseri kwa mitengo kapena culu ku mbali imene mwera ucokera, pamene dzuwa la m'mawa lifika msanga. Kutentha kwambiri kumathawira pa mazenera ndi pansi, motero makatani ocindikala atsekedwe dzuwa lisanalowe, ndipo pansi payalidwe mphasa kapena masaka. Gombeza limodzi pansi pa munthu limafunditsa monga awiri pamwamba pace. Botolo la madzi otentha, kapena njerwa yootcha pa moto wa panja ndi kuikulunga m'nsaru, zimafunditsa mapazi mpaka mbandakuca popanda utsi uli wonse. Mbaula iri ndi malo ace panja, pamene anthu aotha ndi kuceza madzulo, ndipo nthawi yogona ikakwana imatsala komweko.

Pamene msasa uli pafupi ndi nthambo za ZESCO, cofunditsa ca magetsi ndico copanda ngozi ya mpweya. Koma caka ca 2024 cinaphunzitsa anthu kusadalira cimodzi cokha. Cirala ca caka cimeneco, cimene boma linacilengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinacepetsa madzi pa Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, nthawi zina kupitirira 17. Mabanja ambiri anabwerera ku makala, mitengo ya miombo ndi ya tsanya nigwa m'mbali mwa misewu ya Lundazi ndi Mfuwe.

Kumapeto kwa July udzu umakhala utauma gwa, ndipo osaka mbewa amayamba kutentha thengo. Kalavani yoima pakati pa udzu wautali, ndi mabotolo a gasi ndi zigubu za dizilo pambali pace, singathawe lupsa loyendetsedwa ndi mphepo ya August. Eni misasa amalambula pozungulira ponse mamita 5 kapena kuposa, nacotsa mpanda wa udzu umene anachinga nao mphepo pansi pa kalavani, makamaka ku mbali ya paipi ya utsi, imene imatentha kokwanira kuyatsa udzu wouma. Cisanu cikatha pakati pa August, cofunditsa ca dizilo cimayatsidwa mwamphamvu kwa theka la ora kuti mwaye upse, botolo la gasi limatsekedwa ndi kumasulidwa, ndipo pakamwa pa paipi ya utsi pamamangidwa kansaru koletsa mavu, ndi kacingwe kofiira kolendewera kokumbutsa mwini wace kukacotsa m'mwezi wa May.